Lilime Lake Limandiwerenga

Abwana atasamukira kutsidya kwa nyanja
anandisiyira zinthu zitatu:
jekete lothina m'khwapa, wailesi yosalankhula,
ndi njoka m'bokosi lagalasi.
"Ilibe ululu," anatero akutseka geti,
"mbewa imodzi pa sabata, basi."

Ndinakwera nayo takisi pa Bree
nditaifunditsa chitenje ngati keke ya ukwati,
mtima uli thi! thi! thi!
mpaka kuchipinda changa ku Rosettenville,
kuseri kwa galaja, kumene lendi amadya theka la thukuta langa.

Amati ndi njoka ya chimanga, koma chimanga sidya.
Mimba yake ndiyo chimanga cha makolo,
njere yoyera apa, yakuda apo.
Msana wake ndi njerwa yopsa bwino.
Ndinaitcha Kanjerwa.

Lufeyo wa ku Ntcheu, wa chipinda chinacho,
atasuzumira pazenera anathawa kusiya patapata mmodzi.
Pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva
kuti ndakhwima,
kuti njoka imandisanzira ndalama usiku.
Ha! Ikadakhala imasanza
bwenzi ndikuyenda wapansi mpaka ku Turffontein
kukatchetcha kapinga wa eni ake?
Ndine amene ndimasanza ndalama:
mwana wa ku Dedza, wokula ndikukumba mbewa ulere,
lero ndimagula youma ndi chisanu kusitolo
n'kuifunditsa m'kapu ya madzi otentha.

Masabata oyamba inkandikana.
Inkabisala pansi pa khungwa,
mchira ukunjenjemera, kundichenjeza.
Sindinaikakamize. Ndinkangoika dzanja pansi, phee,
ngati munthu wodikira yankho pa ofesi ya mapepala.

Tsopano ndikatsegula chitseko madzulo
kamutu kamatuluka,
lilime lawi! lawi!
kuwerenga mpweya ngati kalata yochokera kumudzi:
petulo wa makina otchetchera,
sopo wobiriwira, anyezi,
ine.
Imakwera pa chala, kudutsa pa wotchi,
n'kulowa m'mkono wa malaya osagogoda.
Lufeyo atalimba mtima n'kutambasula lake,
inabwerera, khosi litapindika ngati chikwakwa.
Anakwiya. Akuti ngakhale njoka ili ndi tsankho.

Lachinayi imalidziwa popanda kalendala.
Inadziwanso ngodya ya chivundikiro imene inali yofooka.
Katatu konse ndinapeza bokosi lili gwa!
Kawiri inali kuseri kwa firiji,
kachitatu m'jombo yanga ya kumanzere.
Pano pamwamba ndimatsindikapo njerwa ziwiri,
ndipo usiku ndimaiona ikuyesabe, mphuno pa galasi,
osatopa, ngati ife pa Beitbridge.

Mwezi wa Juni magetsi anazima maola asanu ndi limodzi.
Chisanu cha Joni sichiona nkhope.
Chotenthetsera chake chinazizira,
nayo inalemera, inauma ngati lamba wakale.
Ndinaiika m'malaya, pakhungu penipeni,
ndinavala jekete lothina lija,
tinakhala mumdima awiriwiri.
Patapita nthawi inayamba kuyenda pang'onopang'ono,
kuwerenga nthiti zanga imodziimodzi
mpaka inadzikulunga pamene mtima umagunda.

Nditamufotokozera mtsikana wa kusitolo ya ziweto
anaseka, koma mwaulemu.
"Sikuti imakukondani, bambo.
Imafuna kutentha.
Inangophunzira kuti fungo lanu si la mdani."

Ndinalandira chenji changa osayankha.
Zaka zisanu ndi zinayi mumzinda uno:
wapolisi akandiona amafunsa pasipoti,
mayi pa loboti amakumbatira chikwama chake,
galu wa pa nambala 14 amandiuwabe
ngakhale ndine ndimamutsukira mbale.
Ndani winanso anakhala pansi
n'kuphunzira kuti fungo langa si la mdani?

Dzulo yafundula.
Chikopa chakale ndachipinda bwinobwino,
ndachiika m'envulopu ya mapepala anga otha ntchito.
Esinati, mlongo wanga, ukaimba usandifunsenso
ngati ndikukhala ndekha.
Yankho lake ndi lalitali,
ndipo mayunitsi ako sangakwane.